Chipolopolo ndi Mbawala

Kale m'tchire la ku Chileka ndi ku Lirangwe munali agwape ndi mbawala. Alenje ankazipha ndi uta ndi mikondo, ndipo pambuyo pake ndi mfuti za gogodela. M'mfutizi ankathiramo onga, natsinderamo tizitsulo. Mfuti inkalira kwambiri, koma kawirikawiri nyama inkathawa ndi bala, pakuti chopha nyama si kulira kwa mfuti ayi, koma chipolopolo ndi malo amene chalasa.

Mtima ndi mapapo a mbawala zili m'chifuwa, pakati pa mapewa ndi kumbuyo kwake pang'ono. Chipolopolo chikaboola pamenepo, mwazi utayika wambiri, mpweya uleka kulowa, ndipo nyama igwa msanga. Koma chikalasa m'mimba kapena pantchafu, nyama ithawira kowirira, nivutika nthawi yaitali, nifera pobisika. Pamenepo okondwa ndiwo afisi ndi miimba, ndipo mlenje abwera chimanjamanja.

Zipolopolo zambiri zosakira nyama nza mtovu wokutidwa ndi mkuwa, koma kunsonga kwake mtovu uli poyera. Chipolopolo chotere chikagunda nyama, nsongayo itambasuka ngati bowa, ndipo bala likula m'kati. Cholimbitsa chingoboola ngati singano, ndipo nyama ipita nacho chibala kutali. Chofewetsa chisweka pafupa la phewa chisanafike kumtima. Chabwino ndicho chimene chitambasuka nichilowabe m'kati. Ngakhale chotero, mlenje wanzeru saombera patali. Ayandikira mphepo ikumuomba kumaso, kuti nyama isamve fungo lake, nadikira kufikira itaonetsa nthiti.

Mtovu nawo uli ndi vuto lake. Tizidutswa take titsalira m'nyama, ndipo miimba ikadya idwala, ina nkufa. Chifukwa chake anthu ena apanga zipolopolo za mkuwa wokhawokha.

Lero tchire lija lasanduka minda ndi midzi. Mbawala zotsala zibisala m'phiri la Michiru, pakati pa Chileka ndi Blantyre, kumene kusaka nkoletsedwa. Lamulo losunga nyama za kutchire, la chaka cha 1992, silola munthu kusaka popanda chilolezo cha boma, ndipo mu 2017 zilango zake zinakulitsidwa.

Tsono ana adziwe ichi: mlenje weniweni sadziwika ndi kuchuluka kwa onga umene watentha. Adziwika ndi kusazunza nyama, ndi kuleka kuomba pamene sayenera kuomba.