Pamene Nkhawa Ilowa m'Thupi

Mtsikana wa giredi 9 wagwa m'kalasi. Miyendo yauma, sakulankhula, maso watsinzina. Aphunzitsi athamangira naye ku cipatala ca ku Vubwi. Magazi apimidwa, malungo palibe, thupi silinatenthe. Kunyumba banja lagawikana: ena akuti walodzedwa, ena akuti akungonamizira pothawa mayeso.

Nkhani zotere zimamveka m'maboma a Vubwi, Sinda ndi Katete, ndipo zimafikanso m'makomboni a mu Chipata monga Kapata ndi Mchini, kumene odwala amagonera kwa acibale pofuna cithandizo. Madokotala amanena kuti mwana wotere sakunama. Akudwaladi, koma gwero la matenda ake lili m'maganizo.

Munthu akasenza cinthu cowawa cimene sangathe kucichula, nthawi zina thupi ndilo limacionetsa. Ena amakomoka ndi kugwedezeka monga a khunyu, ena mau amatsekeka, mwendo kapena dzanja limaleka kugwira nchito. Aliponso amene amaiwala zimene zinawacitikira, kapena kucoka panyumba osadziwa kumene akupita. Pa Cingelezi matenda awa amachedwa dissociative. Mtundu wina, wochedwa somatoform, ndi wa uja amene amadandaula mutu, m'mimba, kutentha m'miyendo kapena "cinthu coyenda m'thupi" kwa miyezi, nayenda zipatala zambiri popanda copezeka. Ululu umene akumva ndi weniweni.

Zoyambitsa zake kawirikawiri ndi zimene banja silifuna kukamba: kugwiriridwa ndi wacibale, kumenyedwa m'banja, kukakamizidwa ukwati mwana akali pa sukulu, imfa ya kholo, ngongole ya feteleza. Nkhondo nayo imasiya mabala otere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zinali kulowa kucokera ku Mozambique ndi kuukira midzi ya m'malire m'boma la Chadiza, limene panthawiyo linaphatikiza Vubwi. Amene anaona zimenezo ali ana, lero ndi makolo, ndipo si onse amene anapeza wowamvetsera.

Pa sukulu zogonera komweko, matendawa amatha kufalikira. Mmodzi akagwa, anzake amantha amatsatira. Mu 1962 sukulu ya atsikana ku Kashasha, m'dziko la Tanganyika, inatsekedwa ana atayamba kuseka ndi kulira kosalekeza. Zofanana nazo zinacitika pa sukulu ina ku Mwinilunga, ndipo madokotala anazilemba mu 1983.

Komabe makolo asathamangire kunena kuti "ndi maganizo cabe". Malungo a mu ubongo amapha msanga. Khunyu nayonso ndi yofala kuno kum'mawa, ndipo ina imabwera kamba ka nyongolotsi zimene zimayambitsa masese m'nkhumba: mazira ake, ocokera m'cimbudzi ca munthu, akamezedwa m'cakudya kapena m'madzi amatha kukakhazikika mu ubongo. Wa khunyu nthawi zambiri amagwa maso ali otsegula, amadziluma lilime, amatha kugwera pamoto kapena kugwidwa ali m'tulo, ndipo zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Wa matenda a nkhawa amakonda kutsinzina ndipo amatenga nthawi yaitali. Koma munthu mmodzi angakhale ndi zonse ziwiri, motero wosiyanitsa ndi wa cipatala, osati aneba.

Zopima zikaonetsa kuti thupi lili bwino, mankhwala aakulu ndi kukambirana. Wodwala apatsidwe mpata wolankhula payekha ndi namwino kapena mlangizi, popanda acibale, pakuti mwina amene anamulakwira ndi yemwe wamuperekeza. Kumumenya, kumufukiza utsi kapena kumuzinga ndi khamu la anthu kumangokulitsa vuto. Mapemphero amatonthoza ambiri, koma kuloza agogo kuti ndiwo mfiti kwapasula mabanja pomwe mwana akudwalabe. Akayamba kupeza bwino abwerere ku sukulu msanga. Kumugoneka miyezi kumacedwetsa kucira.

Cipatala caching'ono cingatumize wodwala ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central Hospital, ndipo matenda ovuta amapita ku Chainama mu Lusaka. Lamulo la Mental Health Act la mu 2019 limateteza ufulu wa odwala matenda a maganizo. Ngati mwana waulula kuti anagwiriridwa, nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya apolisi, isathere pa bwalo la banja.