Sindife alonda a mabuku

Mwezi wathawu tinali ndi maphunziro a masiku atatu a anthu ogwira ntchito m'malaibulale a m'chigawo chathu chino. Kunabwera anzathu a m'tauni, a m'maboma, komanso odzipereka amene amatsegula tizipinda towerengeramo m'masukulu ndi pamatchalitchi. Tsiku lachiwiri, nthawi ya tiyi, mayi ena achikulire ochokera kutali ananditengera pambali n'kundionetsa chithunzi pafoni yawo. Chinali cha kabati yachitsulo, loko akulendewera pachitseko. M'katimo munali mabuku a ana, zikuto zili waliwali ngati afika dzulo, chonsecho anabwera zaka ziwiri zapitazo.

"Mwaona, Bambo? Palibe ndi limodzi lomwe lasowa," anatero akumwetulira.

Ndinawafunsa kuti ndi ana angati amene anawerengako. Anazolika. "Ana akwathu ndi osasamala, angang'ambe. Nanga akabwera oyendera ndidzayankha chiyani?"

Nkhaniyi yandikhala pamtima mpaka lero. Mayiwa sindikuwaimba mlandu. Ndi munthu wokhulupirika, amayenda mtunda wautali kukatsegula kachipindako popanda malipiro enieni. Chimene chinandipweteka n'chakuti anachita ndendende zimene anthu akhala akutiuza zaka zonsezi, zoti woyang'anira laibulale ndi mlonda wa mabuku. Bodza limeneli ndatopa nalo. Ndalimva kwa achibale, amene amafunsa ngati munthu amafunikadi sukulu kuti adziwe kudinda chidindo ndi kuletsa phokoso. Ndalimva kwa makomiti, amene akabwera funso lawo limakhala limodzi: mabuku alipo angati? Sindinamvepo komiti ikufunsa kuti mabukuwo atuluka kangati.

Ine ndikalowa mulaibulale ya mnzanga sindiyamba ndayang'ana kudzaza kwa mashelefu. Ndimasolola buku limodzi n'kutsegula chikuto. M'kati mwake timamatamo kapepala kodindapo tsiku lobwezera. Kapepalako kakadzaza madeti, ngodya za masamba zitapindika, pena pali chala cha mwana amene anali atangodya mango, ndimadziwa kuti pano ntchito ikugwirika. Kakakhala koyera mbee, mtima umandiwawa. Ndalama zogulira bukulo, mafuta a galimoto imene inalibweretsa, thukuta la amene analilemba, zonsezo zagona m'kabati.

Nkhani ya William Kamkwamba aliyense amaidziwa. Atalekeza sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala, ankapita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo mu 2002 anamanga makina opangira magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotolatola ndi zipangizo za njinga. Anthu akamasimba nkhaniyi amatama mnyamatayo, ndipo n'zomuyenera. Ine ndimaganiziranso munthu amene anamulola mwana wosavala yunifomu, wosalembedwa m'kaundula wa sukulu iliyonse, kugwira bukulo ndi kumabwereranso. Bukulo likanakhala kuseri kwa loko, Wimbe bwenzi tikungoidziwa ngati malo amalonda basi.

Ntchito yathu yambiri imachitikira kuchipinda chakumbuyo kumene owerenga safikako. Buku likafika, timalisanthula kuti tidziwe chimene likunena, kenako timalipatsa nambala. Ambirife timatsata dongosolo la Dewey, limene Melvil Dewey anatulutsa ku America mu 1876. Limagawa nzeru za anthu m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900. Zachipembedzo zili pa 200, malamulo pa 340, zaumoyo pa 610, ulimi pa 630. Nambalayo ndiye mudzi wa buku. Likaikidwa pashelefu ya eni, lasowa, ngakhale lili m'nyumba momwemo.

Tsiku lina bambo ena anafika patebulo langa chipewa chili m'manja, n'kupempha "buku la sayansi". Ndikanawalozera ku 500 akanazungulira pamenepo n'kubwerera chimanjamanja. Ndinawakhazika pansi, tinacheza pang'ono, ndipo zinadziwika kuti nkhuku zawo zikutha ndi chitopa. Mabuku a nkhuku ali pa 636.5. Anapeza zimene ankafuna, ndipo ndinawauzanso kuti za katemera akaonane ndi alangizi a ziweto, chifukwa buku silibaya nkhuku. Kucheza kotereku kusukulu ya ntchito yathu amakutcha reference interview, kutanthauza kufunsitsa munthu mwaulemu mpaka chimene wabwerera chituluke. Anthu ambiri satchula vuto lawo poyamba. Amachita manyazi, makamaka ikakhala nkhani ya matenda, ya ngongole kapena ya mlandu wa malo. Mlonda sangadziwe zimenezi.

Koma pamaphunziro aja pamene panabuka mkangano weniweni ndi pa weeding. Mawuwa amatanthauza kupalira, monga m'munda. Ndi kuchotsa pashelefu mabuku amene nthawi yawo inatha. Nditangonena kuti buku lina liyenera kuchotsedwa, m'chipindamo munamveka kung'ung'udza ngati ndanena zoti tiwotche nkhokwe. Ndinatulutsa mabuku awiri amene ndinabwera nawo. Lina linali lazaumoyo, lolembedwa kalekale, lonena kuti munthu akapezeka ndi HIV palibe chithandizo. Kuno ku Malawi ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Taganizani mtsikana amene wangochokera kukayezetsa, akuopa kufunsa munthu aliyense, wabwera mwakachetechete kudzawerenga yekha, n'kupeza tsamba limenelo. Linalo linali la mapu, likusonyezabe Zaire, dzina limene linatha mu 1997, ndipo South Sudan, imene inakhala dziko paokha mu 2011, mulibemo. Mwana wokonzekera mayeso akaloweza zimenezo, walakwa ndani? Shelefu yodzaza ndi zotere ili ngati munda wobiriwira ndi kaufiti: wodutsa pamsewu amayamikira, mwini wake sakolola.

Apa ndichenjeze, pakuti khasu likapita m'manja mwa wopupuluma limadula ndi chimanga chomwe. Mabuku olembedwa kuno kwathu, a mbiri ya dziko lino, a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina zathu, amenewo sitichotsa chifukwa choti akalamba. Ambiri sasindikizidwanso. Likang'ambika timalimata, timalikuta, timalisunga bwino. N'zoona kuti National Archives ku Zomba imasunga zosindikizidwa za m'dziko muno, koma mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangapite ku Zomba kukawerenga nthano.

Kupalira kumakhudzanso mphatso. Pali mabungwe, monga Book Aid International, amene amatumiza mabuku atsopano osankhidwa bwino, ndipo timawathokoza. Palinso anthu amtima wabwino amene amatitula makatoni a zimene zinawathera ntchito: malamulo a misonkho a dziko lina, malangizo a makompyuta amene anasiya kupangidwa kalekale. Tikasankhamo ochepa, ena amakhumudwa, amati mphatso sakana. Ine maganizo anga ndi akuti mwana wa ku Malawi si dzala. Musanatumize katoni, tifunseni chimene chikusowa. Nthawi zambiri yankho limakhala mabuku a silabasi ya lero ndi tinkhani ta ana ta m'chilankhulo chawo.

Ndipo kunena zoona, chimene chimatha mabuku ambiri nthawi imodzi si ana. Ndi moto, denga lodontha, chinyontho ndi chiswe. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, dziko lonse linalira. M'malaibulale aang'ono chiswe chimagwira ntchito yomweyo mwakachetechete, ndipo chimakonda kwambiri mabuku amene sakhudzidwa. Buku lobwerekedwa sabata ndi sabata chiswe sichilipeza.

Ntchitoyi ili ndi sukulu yake. Mzuzu University imaphunzitsa mpaka digiri, Malawi Library Association imasonkhanitsa anthu a ntchitoyi, ndipo National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili ndi nthambi m'zigawo zonse. Malaibulale ena akusamutsira kaundula wawo pa Koha, pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene inayambira ku New Zealand. Zonsezi n'zabwino, koma mnzathu wa kumudzi amene alibe magetsi amafunika choyamba munthu womuuza kuti buku likang'ambika m'manja mwa mwana sadzadulidwa malipiro kapena kunyozedwa pamsonkhano.

Kwa anzanga a m'tizipinda tating'ono, mwachidule: mashelefu asagunde khoma kapena kukhala pansi penipeni, mabuku a ana akhale pamene mwana angafikire yekha, ndipo kope wamba la mizere likukwanira kulembamo obwereka. Ngati mukuopa kubwereketsa kunyumba, yambani ndi kuwerengera pomwepo, pamphasa, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Malo amasiyana, mwina kwanuko zina sizingatheke, ndipo musanachotse buku lililonse m'kaundula gwirizanani kaye ndi akuluakulu anu, zilembedwe. Mabuku ena adzasowa ndithu, sindikukana. Kwa owerenga, musamazungulire mashelefu nokha n'kutuluka. Safunsa anadya phula, tifunseni.

Mayi aja tinasiyana atalonjeza kuti akatsegula kabatiyo, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti akuopabe oyendera. Tsono inu a komiti, aphunzitsi aakulu ndi nonse amene mumayendera malaibulale, ulendo ukubwerawu mukafika musayambe ndi kuwerenga mabuku ali pashelefu. Pemphani kope la obwereka, muone mayina a ana amene alimo.