Ku Chembe: zimene alendo amadzaona, nafenso tikazione

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay amawadziwa magalimoto amene amadutsa Lachisanu madzulo, ena ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena a manambala a ku South Africa. Ambiri mwa iwo ulendo wawo umakathera ku Cape Maclear, kumene ife timati ku Chembe. Anthuwa amalipira ndalama zochuluka kuti akagone masiku awiri kapena atatu pafupi ndi mchenga wofanana ndi umene ife timakokerapo mabwato. Koma tafunsani m'mudzi mwanumo kuti ndani anapitako ndi banja lake kukangoona malo basi, osati kukapikula nsomba kapena kukakhuza maliro. Mupeza ochepa zedi. Ana athu amamva za Cape Maclear kwa aphunzitsi m'kalasi, pomwe malowo ali m'boma lathu lomwelino.

Abale ndi alongo, ulendo umenewu ndi wotheka kwa banja la mlimi ndi la msodzi. Ndipo ine ndikuona kuti msodzi angakapindule nawo kuposa mlendo aliyense wochokera kunja, chifukwa kumeneko kuli chinthu chimene pamadoko athu ambiri chinasowa kalekale: nsomba zoyenda mwaufulu m'madzi ofika m'mawondo.

Inu ochokera kutsidya kwa Shire, ku Malindi, ku Namwera kapena kwa Makanjira, musangodutsa pa boma. Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ija, imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria tauniyi ikadatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya mu sitima ya Guendolen, sitima imene mu August 1914 inakawombera sitima ya Majeremani kutsidya la nyanja, dera limene lero ndi Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, mphepo itaigubuduza kumpoto kwa nyanja. Mnyamata amene wangoyamba kupalasa bwato n'kumadzimva ukatswiri mukamuimike pamenepo, awerenge yekha zimene mphepo inachita ndi sitima yachitsulo. Chapafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja.

Kuchoka pa boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60. Mutatsala pang'ono kufika, msewu wa ku Chembe umapatukira kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'kati mwa mapiri ndi nkhalango. M'njiramo mukumana ndi anyani atakhala pamsewu ngati eni malo, ndipo amayi asunge bwino nthochi ndi mandasi, chifukwa anyani akumeneko anazolowera anthu. Muuzeni dalaivala aime pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama ngati mphini zimene agogo athu ankatema kumaso. Akatswiri a miyala amati mizereyo inang'ambika yokha ndi dzuwa ndi mvula m'zaka zambirimbiri. Mphindi khumi zikwana pamenepa.

Chembe weniweni ndi mudzi wa asodzi, waukulu ndithu. Muli matandala a usipa ndi utaka, alovi akusoka chilimira pamthunzi, amayi akutsuka mbale kugombe, zonse ngati kwathu. Chosiyana n'chakuti pakati pa nyumba za anthu pali malo ogona alendo otsatizana m'mphepete mwa madzi, ndipo mudziwo uli m'kati mwa Lake Malawi National Park. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Mapaki ena anapangidwira njovu ndi mikango. Iyi anaipangira nsomba, chifukwa nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Midzi ya Chembe, Msaka ndi Mvunguti sinasamutsidwe. Lamulo limene linaikidwa n'lakuti pasaponyedwe ukonde m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba zake.

Tsono kuti muone chimene lamulolo labala, kwerani boti mupite ku chilumba cha Thumbi, chimene chili moyang'anizana ndi mudzi. Amene akuopa boti atha kuyenda pansi mpaka ku Otter Point, kumapeto kwa gombe cha kumadzulo, kumene kuli miyala ikuluikulu yolowa m'madzi. Dzinalo linabwera chifukwa cha akatumbu, ngakhale kuti kumuona katumbuyo ndi mwayi. Anyamata a maboti amabwereketsa magalasi oonera pansi pa madzi. Musachite nawo manyazi, bambo, valani ndithu. Ife asodzi nsomba timaidziwa ikakhala m'bwato, itafa kale kapena ikuphiriphitha. Ambirife sitinaionepo ili pakhomo pake.

Mbuna ndi zimene zimadzaza pamenepo. Ndi tinsomba tija tamiyala timene msodzi weniweni saticheukira n'komwe. M'madzi oyera mbee timaoneka tabuluu, tachikasu, tina tamizeremizere ngati mbidzi, tikubudula ndere pamiyala monga mbuzi zimachitira ndi msipu. Yamphongo iliyonse ili ndi kamwala kake ndipo inzake ikayandikira imaithamangitsa. Akatswiri anapeza kuti mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, n'chifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mitundu yakeyake imene pachilumba choyandikana nacho palibe. Mutaiononga pamalo amodzi, yatha basi, kulibe kwina kokaitenga.

Mukakhala chete osagwedeza madzi, mutha kuona nsomba yaikazi yotupa kukhosi, yosadya kanthu pamene zinzake zikudya. Imeneyo yanyamula mazira kapena ana m'kamwa. Anawo akakulako imawalavula kuti adye, ndipo china chake chikawaopseza onse amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Mukachiona chimenechi, muitaneni mwana wanu wamwamuna adzaone nawo, ndipo mumuuze kuti chambo chimaswananso chimodzimodzi. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimatola mazira m'kamwa n'kupita nawo kumadzi osaya, kumabango, kumene kasawala amakulira. Khoka likadutsa pamenepo nthawi yoswana limafafaniza zisa ndipo limakokera kumtunda mayi pamodzi ndi ana onse ali m'kamwamo. Zimenezi alangizi a za usodzi akhala akutiuza pamisonkhano zaka zonsezi, ife n'kumangoti inde inde. Kuona ndi maso ndi kwina. Akuluakulu a ku Malombe akudziwa m'mene chambo chinathera m'nyanja yawo m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Sindikunena kuti ku Chembe zonse zili bwino. Alipo amene amazemba n'kuponya maukonde pamalo oletsedwa, ndipo pakati pa asodzi ndi alonda a paki sipalephera kukangana. Munthu amene ana ake agona ndi njala ndi wovuta kumuuza za mamita 100. Komabe ngakhale lamulolo likutsatidwa mwapakatikati chonchi, kusiyana kwa Thumbi ndi gombe limene maneti a udzudzu amakokedwa tsiku ndi tsiku aliyense atha kukuona. Makomiti athu a pamadoko amene akukambirana zopatula kagawo ka gombe kuti nsomba ziziswanirapo akanayamba apita kumeneko asanapitirize mkangano.

Pobwerera ku Thumbi, mwini boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, ndipo nkhwazi imatsika mumtengo n'kuitola ndi zikhadabo pafupi ndi boti pomwepo. Alendo amakuwa ndi chimwemwe. Kwa ife nkhwazi si yachilendo, koma kuiona pafupi chonchi ana amasangalala nako, ndipo mukawakumbutse kuti ndi mbalame yomweyo ili pa chizindikiro cha boma la Malawi. Zilumba zina ndi Domwe, chachikulu chija chotalika, ndi Mumbo chimene chili patali. Kumeneko mtengo wa boti ndi wokwera, banja wamba lingokhutira ndi Thumbi.

Chakumtunda kwa Otter Point, pansi pa phiri, kuli manda akale a amishoni. David Livingstone ndiye anatcha malowa Cape Maclear, potengera dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankakhala ku Cape Town. Mu 1875 gulu la ku Scotland lotsogozedwa ndi E. D. Young, muli Dr Robert Laws, linafika pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala n'kumanga mishoni ya Livingstonia pamenepa, Mfumu Mponda itawalola. Malungo anawatha mmodzimmodzi, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Ndi manda a anthu a chipembedzo china, komabe ndi manda, tipiteko mwaulemu, ana asakwere pamiyala yake. Pafupi ndi ofesi ya paki pali mlambe waukulu kwabasi, woti banja lonse litagwirana manja silingauzungulire.

Pali nkhani ya likodzo imene sindingaidumphe. Madzi a pamudzi pa Chembe amadziwika ndi matendawa, ndipo m'mene anachulukira ndi phunziro kwa ife. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi. Akatswiri amene anafufuza kumeneko anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka okokedwa pafupi ndi gombe, nkhono zinachuluka, likodzo nalo n'kuchuluka. Ndiye kuti khoka lomwe lija limabweretsanso magazi mumkodzo wa mwana. Posambira sankhani malo amiyala, kutali ndi pochapira ndi pa mabango, ndipo ana muwaletse kukodzera m'madzi. Mwana akayamba kudandaula pokodza, kuchipatala kuli mankhwala otchedwa praziquantel.

Nanga tipite liti? Kuyambira June mpaka August mwera umavuta, boti laling'ono lodzaza amayi ndi ana si loyenera kuyenda. September ndi chiyambi cha October ndiyo nthawi yabwino: nyanja yagona, madzi ayera, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo kumunda n'kongososa. Enanu mungasankhe November, pamene makoka aimikidwa chifukwa cha nyengo yotseka nyanja, bola mvula isanayambe. Pewani Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka ndi tchuthi cha Anakubala cha pa 15 October. Masiku amenewo gombe limadzaza, mitengo ya zinthu imakwera, zoimbira zimalira usiku wonse ndipo mowa umakhala paliponse. Pakati pa sabata m'mawa mutha kupeza Otter Point muli nokhanokha.

Ena amakana kupita ndi mabanja awo chifukwa cha kavalidwe ka alendo posambira. Nkhawayo ndikuimvetsa. Koma gombelo ndi lalitali, ndipo palibe amene angakuletseni kusankha malo anu apambali, amayi n'kulowa m'madzi ndi zovala zawo monga amachitira kwathu. Nyamulani mkeka woswalira. Qibla kumeneko ndi kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, ndipo mizikiti ilipo yambiri m'mbali mwa msewu wochokera pa boma. Chakudya musavutike nacho m'malo a alendo, kumene mbale imodzi ingathe ndalama ya ulendo wonse, komanso nyama yake simudziwa amene anazinga. Tengani mpunga wanu wophikaphika, chinangwa ndi mtedza, nsomba mukagule kwa asodzi anzanu pagombe.

Ndalama yaikulu imapita ku galimoto. Mabanja anayi kapena asanu atasonkherana, kapena makolo a pa madrasa atagwirizana, minibasi imodzi ikwana, kunyamuka ikangotha swala ya m'mawa. Musaiwale chiphaso cha unzika, popeza pachipata cha paki Mmalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Za boti mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo munene Chichewa chanu momveka kuti asakutchulireni mtengo wa azungu. Funsani majekete oyandamitsa a ana. Boti likadzaza, ena adikire ulendo wachiwiri. Inu eni ake mukudziwa m'mene boti lolemedwa limachitira funde likabwera chammbali.

Amene angathe kugona, agone usiku umodzi. Inu a ku Nkhotakota ndi ku Salima munazolowera kuona dzuwa likutuluka m'madzi. Ku Chembe gombe linayang'ana cha kumadzulo, ndiye dzuwa limalowera kutsogolo kwanu, nyanja yonse n'kufiira psuu mpaka nthawi ya Maghrib. Kukada, nyali za asodzi a kauni zimayamba kuyaka patali, imodziimodzi mpaka mzere wonse. Alendo amakhala pamchenga kujambula zimenezo, osadziwa kuti siginala ali apo sagona mpaka m'bandakucha.

Pobwerera mukhotere ku Monkey Bay, makilomita ochepa chabe kuchokera pamphambano. Kumeneko ndi kwawo kwa Ilala ya masiku ano, imene zitsulo zake zinapangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa pa doko lomwelo, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kawirikawiri imanyamuka Lachisanu m'mawa kupita kumpoto, kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Amene agona ku Chembe Lachitatu n'kubwerera Lachinayi angathe kuipeza ili pa doko, ana aione, ndipo Ijumaa aliyense akaswalira kwawo.