Kontrola Ikakana Kulandira Pulogalamu

Makina ambiri a m'fakitale amayendetsedwa ndi kakompyuta kotchedwa kontrola, monga CompactRIO ya kampani ya NI. Pulogalamu imalowamo kudzera pa netiweki, kuchokera pa laputopu. Ikakana kulowa, ntchito imaima ndipo ena amathamangira kunena kuti kontrolayo yapsa.

Musafulumire. Yambani mwaona adiresi yake ya IP. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti sinapeze seva ya DHCP, yangodzipatsa nambala yokha. Laputopu imene ili pa 192.168.1.10 singamvane nayo mpaka zonse zikhale pa subnet imodzi. Manambala akagwirizana koma NI MAX osaionabe, kayikirani firewall ya Windows. Izimitseni kwakanthawi poyesa, mukatha muiyatsenso. Zikakanika pokoka mafayilo pa intaneti pokha, onani gateway ndi DNS.