Nyimbo Zokopera Ophunzira ku Yale

Ku Amereka, mwana wanzeru akamatsiriza sekondale kawirikawiri amalandira makalata omuvomera kuchokera ku sukulu za ukachenjede ziwiri kapena zitatu. Tsono zinthu zimatembenuka: amene ankapempha malo uja ndiye amayamba kunyengereredwa. Ayenera kuyankha pofika pa 1 Meyi, ndipo sukulu iliyonse imaopa kuti angaikane.

Nchifukwa chake m'mwezi wa Epulo yunivesite ya Yale, mumzinda wa New Haven, imaitanira osankhidwa onse ku mwambo wotchedwa Bulldog Days. Alendowo amagona m'zipinda za ophunzira a pasukulupo, namvetsera maphunziro m'kalasi, nafunsa za fizi. Koma nyambo yeniyeni ndi magulu oimba popanda ng'oma, gitala kapena limba, mau apakamwa okha basi. Kuimba kotereku amakutcha a cappella.

Gulu lakale kuposa onse ndi la Whiffenpoofs, limene linayamba m'chaka cha 1909. Limakhala ndi oimba 14 amene atsala ndi chaka chimodzi kuti atsirize, ndipo Cole Porter, katswiri wopeka nyimbo, anaimbamo. Kwa zaka zoposa 100 munali amuna okhaokha. Mkazi woyamba analowamo mu 2018, mochedwa ndithu. Wobwera kumene sangalowemo. Amayamba wayesedwa mau m'magulu ena, amene alipo oposa 10.

Kholo limawerengera ndalama ndi mbiri ya aphunzitsi. Koma mwana, amene wafika ndi nkhawa yakuti kodi akapeza abwenzi kuchilendoko, amangoti maso dwii pa oimbawo, nadzifunsa ngati mau ake angakwanire pakati pao.