KUKONGOLETSA NYUMBA M'NYENGO YA MPHUKIRA

Mwezi wa Seputembala ukafika, mvula yowaza ya Chiperoni imene imakuta phiri la Mulanje m'nyengo yachisanu imaleka, ndipo nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, imaoneka poyera. Mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba anthete ofiirira, asanasanduke obiriŵira. Azungu nyengo yofanana ndi imeneyi kwao amayesa chiyambi cha moyo watsopano. Kuno ndiyo nthaŵi imene amayi a pa Mulanje Mission ndi midzi yozungulira amatulutsa mabulangete ndi mphasa padzuŵa, kuchotsa nkhungu imene chinyezi chasiya m'zipupa, ndi kukonzanso nyumba mvula ya Novembala isanagwe.

Mtundu umene ukugwirizana ndi nyengoyi ndi wofiirira moŵala, umene ambiri amautcha pinki. Mtunduwu si wachilendo ayi. Makolo ankadziŵa kuti dothi la katondo, limene lili ponseponse m'boma la Mulanje, likasakanizidwa ndi dothi loyera kapena laimu limapereka mtundu wofiirira, ndipo amayi ankalemba nalo mizere m'munsi mwa zipupa akatha kuzira. Kunja kwa dziko lino utoto woŵala wotere unapezeka m'mafakitale a ku Ulaya m'chaka cha 1859, ndipo unatchedwa magenta pokumbukira nkhondo ya ku Magenta, m'dziko la Italy. M'chaka cha 1937 mayi wina wotchuka pa zosokasoka ku Paris, Elsa Schiaparelli, anautchukitsa kwambiri pa zovala.

Koma mtundu umenewu uli ngati mchere m'ndiwo: wochepa umakometsa, wochuluka umaononga. Chipinda chopakidwa pinki zipupa zonse zinayi chimatopetsa maso, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Nzeru yake ndi kusiya zipupa zili zoyera, n'kuika mtundu woŵalawo m'malo aŵiri kapena atatu okha: pa nsalu ya pa tebulo, pa zoluka za pa mipando, kapena m'mphepete mwa katani. Pinki amakhala bwino pafupi ndi zoyera, zobiriŵira, ndi mtundu wa mphasa ndi mipando ya nsungwi. Koma amalimbana ndi simenti yopakidwa polishi wofiira, choncho pansi potere pamafunika mkeka wolekanitsa.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mphunzitsi wokhala m'nyumba ya sukulu, amene saloledwa kusintha penti, ndiponso mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza maphunziro nayamba kukhala payekha m'chipinda cha lendi. Ambiri otere amagwa m'ngongole pofuna kufanana ndi anzawo. Chonsecho chitenje chimodzi chogula pa Chitakale chimakwana nsalu ya pa tebulo ndi mapilo aŵiri. Luso losoka ndi kuluka, limene amayi a Mvano mu Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP akhala akuphunzitsana kwa zaka zambiri, silifuna ndalama zochuluka koma kudekha.

Maluŵa nawonso ngaulere. Bougainvillea, chomera chochokera ku South America chimene chimayanga m'mipanda yambiri, chimaŵala koposa m'chilimwe. Zimene anthu amayesa maluŵa ake ndi masamba ofiirira okuta kaduŵa koyera kali pakati. Kanthambi kake kamafota msanga m'madzi, motero kamafunika kusintha kaŵirikaŵiri. Nsalu zoŵala nazo zimasuluka padzuŵa. Ziyenera kuchapidwa pazokha ndi kuyanikidwa pamthunzi.

Mabanja ambiri a ku Mulanje anataya nyumba ndi katundu pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Kwa iwo kansalu kooneka bwino pa tebulo si chibwana. Ndi chizindikiro chakuti banja laimanso. Komabe akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Tsache, madzi ndi zenera lotsekula ziyambe. Mtundu woŵala ubwere pambuyo, kudzakometsa nyumba imene yasamalidwa kale.