Ekiselo Yaikulu pa Njira za Miyala

Mlendo wofika pa Chipoka angaganize kuti dziko lathu lonse ndi lachidikha. Kum'mawa aona nyanja, pansi aona mchenga ndi njanji imene inafika kuno m'chaka cha 1935 pochokera ku Blantyre kunka ku Salima. Koma inu achikumbi amene minda yanu ili cha kumadzulo mudziwa kuti munthu sayenda mtunda wautali asanayambe kukwera. Mapiri a ku Dedza atsetserekera kwathu kuno, ndipo mitsinje yotsika kumeneko, monga Lifidzi ndi Nadzipokwe wa ku Mua, ikokolola dothi chaka ndi chaka nisiya miyala yokhayokha pa madooko. Chimanga ndi fodya za m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri zidzera m'njira zotere zisanafike pa msewu wa tala wa M5.

Chaka china achikumbi a m'mudzi wina wa kumeneko anasonkherana ndalama za fodya nagula Land Rover yakale. Pa nyengo ya masika anaipakira chimanga kufikira masipuling'i atawongoka. Ili kutuluka pa dooko la miyala, kunamveka kuti thyo! kumbuyo, ndipo injini inalira koma galimoto inaima pomwepo. Makaniko anawauza kuti chathyoka chitsulo cha mu ekiselo, ndi kuti mankhwala ake ndiwo kugula ekiselo yaikulu. Mtengo umene anatchula unali wokwanira feteleza wa mabanja angapo. Anadza kwa ife kudzafunsa nzeru, ndipo zimene tinawayankha tifuna kuti inunso muzimve musanatulutse ndalama zanu.

Mkati mwa ekiselo muli chiyani?

Ekiselo ya galimoto ndi chubu chachitsulo chopingasa chimene magudumu akhala kunsonga zake ziwiri. Pakati pake pali chotupa chonga mphika, chimene amakaniko achitcha difu. M'menemo muli magiya olandira mphamvu yochokera ku injini ndi kuigawira mbali ziwiri. Kuchokera mu difu, ndodo ziwiri zachitsulo zipita ku magudumu, ina kumanja ina kumanzere. Dzina lake ndi hafushafuti, ndipo imodzi mwa izi ndiyo inathyoka pa dooko paja.

Pali mitundu iwiri ya ekiselo yakumbuyo, ndipo aliyense wogula galimoto yonyamulira zokolola ayenera kuidziwa. Mu mtundu woyamba hafushafuti igwira ntchito ziwiri, kuzunguza gudumu ndi kusenza katundu. Ikathyoka, gudumu likhoza kusololoka galimoto ili kuyenda. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono, monga Toyota Hilux, ali otero. Mu mtundu wachiwiri katundu yense asenzedwa ndi chubu chija pa maberingi awiri, ndipo hafushafuti ingozunguza gudumu basi. Malole ali otero, ndi Land Rover yomwe kuyambira Series II wa m'chaka cha 1958. Kuzindikira kwake nkosavuta: pakati pa gudumu mudzaona chitsulo chotulukira kunja chozingidwa ndi mabauti. Ndodo ikathyoka pa galimoto yotere gudumu silichoka, ndipo mutasolola zidutswa mungathe kufika kunyumba pang'onopang'ono ndi magudumu akutsogolo.

Chifukwa chake zitsulo zithyoka pa miyala

Anthu ambiri ayesa kuti kulemera kwa matumba ndiko kuthyola hafushafuti. Kulemera kuthandizira, koma chothyola chenicheni ndicho kudzidzimuka. Difu ili ndi khalidwe lakuti gudumu limodzi likasowa pogwira, kuzungulira konse kuthawira kumeneko. Tsono galimoto ikakwera mwala, gudumu lina lilenjekeka m'malere nilizungulira mofulumira kawiri kuposa masiku onse. Woyendetsa, poona kuti galimoto yaima, aponda mafuta. Kenaka galimoto ipendekeka, gudumu lija ligwa pa thanthwe louma niligwira mwadzidzidzi, mphamvu yonse ya injini ili m'mbuyo mwake, yochulukitsidwa ndi giya yaing'ono. Ndodo ipotoka monga nsalu yofinyidwa, ndipo kawirikawiri ithyokera pafupi ndi timano take tolowa mu difu. Pa mchenga wa kunyanja izi sizichitika kawirikawiri, pakuti mchenga ulola gudumu kuterereka. Mwala sulola.

Kanthu kenanso kachitika pa tala. Land Rover yakale ili ndi kachitsulo ka mutu wachikasu kolumikizira magudumu onse anayi, ndi kena ka mutu wofiira ka giya yaing'ono. Munthu akaiwala kumasula atafika pa msewu wouma, ekiselo ziwiri zikanganirana pa ngodya iliyonse, ndipo zitsulo zitopa mwakachetechete kufikira tsiku lina zidzathyokera pa mwala waung'ono.

Zimene achita anzathu a ku America

Ku America kuli anthu amene kukwera miyala ndi galimoto ndiwo masewera awo. Apita ku Moab m'dziko la Utah, kapena pa njira yotchedwa Rubicon ku California, kumene eni magalimoto a Jeep akhala akusonkhana chaka ndi chaka kuyambira 1953. Ife tingadabwe kuti munthu afunafuna dala miyala imene ife tiithawa, koma zimene aphunzira zitithandiza. Iwo aika matayala akulu kuti galimoto italike, ndipo tayala likakula, ndodo ya mu ekiselo ivutika koposa, monga momwe mpini wautali uvutitsira khasu. Chifukwa chake achotsa ekiselo zing'onozing'ono zotchedwa Dana 30 ndi Dana 44 naika yaikulu yotchedwa Dana 60. Chotupa chapakati chija iwo achitcha dzungu, ndipo dzinali lichiyenera ndithu.

Land Rover nayonso ili ndi yake yaikulu, yotchedwa Salisbury, imene inaikidwa kumbuyo kwa magalimoto aatali a mainchi 109 a Series III, mtundu umene unayamba m'chaka cha 1971. Ndodo zake zili ndi timano 24 pamene zakale zili ndi 10, ndiponso nzonenepa. Kunenepako kuli ndi phindu lalikulu kuposa momwe maso aonera. Chitsulo chonenepa inchi imodzi ndi kota chipirira kupotoka pafupifupi kawiri kuposa cha inchi imodzi. Pamenepa makaniko uja sananame: ekiselo yaikulu ndi yolimbadi.

Zimene sanawauze

Choyamba, dzungu lalikulu lilendewera pafupi ndi nthaka. Mwala umene kale galimoto inaudutsa pamwamba, tsopano ugunda difu. A ku America athetsa vuto ili ndi matayala aatali, koma matayala otero ngodula ndipo afooketsa galimoto pa chitunda.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Magiya a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo ayenera kulingana. Mu Land Rover yakale, chitsulo chochokera ku giyabokosi chizungulira maulendo 4.7 kuti magudumu azungulire kamodzi. Mu Range Rover, imene inatuluka m'chaka cha 1970, chizungulira maulendo 3.54. Munthu akaika difu ya mtundu wina kumbuyo nasiya yakale kutsogolo, tsiku limene adzalumikiza magudumu anayi, akumbuyo adzafuna kuthamanga kuposa akutsogolo ndipo giyabokosi idzaonongeka. Mungayese nokha musanalipire. Tsekerani magudumu ndi miyala, chotsani giya, tukulani gudumu limodzi lakumbuyo ndi jeke, lembani choko pa chitsulo cholowa mu difu, nimuzunguze gudumulo kawiri kathunthu mukuwerenga maulendo amene chokocho chibwerera. Chiwerengero chimene mupeza ndicho cha ekiseloyo. Wogulitsa akakana kuti muyese, musagule.

Chachitatu, ekiselo ya galimoto ina silowa yokha. Pokhalira masipuling'i kawirikawiri pafunika kusunthidwa ndi kuwotchereredwa mwaluso, chitsulo chochokera ku giyabokosi chifunika chachifupi, ndi mapaipi a mabuleki atsopano. Ekiselo ikakhala mopendeketsa ngakhale pang'ono, galimoto iyenda chammbali ngati nkhanu ndi kudya matayala. Ndalama za ntchito izi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa ekiselo.

Ndipo lingalirani ichi. Chingwe chikhala ndi pamene chidukira. Mukalimbitsa pamenepo, chidukira pena. Pa zitsulo zonse zotenga mphamvu kuchokera ku injini kufika ku gudumu, hafushafuti ndiyo yotsika mtengo, ndipo pa ekiselo ya mtundu wachiwiri munthu aisintha pambali pa njira ndi masipanala ochepa. Ikaleka kuthyoka pamene woyendetsa sanasinthe khalidwe lake, kudzidzimuka kuja kupita ku magiya ndi ku giyabokosi, zimene zifuna kuti galimoto ikokedwe kunka ku Salima kapena ku Lilongwe. Choopsa koposa tachiona kwa eni ake: akamva kuti ekiselo njolimba, aonjeza matumba. Koma masipuling'i, chesisi ndi mabuleki zikali zomwe zija. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Masasa kunka ku Golomoti adziwa kuti galimoto yolemedwa isowa mabuleki kuposa ekiselo, makamaka mabuleki akanyowa pa dooko.

Sitikuti ekiselo yaikulu njachabe. Galimoto yaitali imene ntchito yake ndi kutuluka m'midzi ya miyala sabata ndi sabata, itanyamula muyezo wake, nithyolabe ndodo kawiri kapena katatu pa chaka, imeneyo iyenera Salisbury.

Mawu kwa eni ngolo

Ambiri a inu mulibe galimoto koma muli ndi ngolo, ndipo ngolo zambiri zimangidwa pa ekiselo za magalimoto akutha. Nzeru imeneyi njabwino, pakuti maberingi ndi matayala a mpweya apeputsa ntchito. Uzani mmisiri achotse magiya a mu difu ndi kutseka bowo ndi chitsulo chopyapyala, chifukwa pa ngolo magiyawo ndi katundu wopanda ntchito. Ekiselo ikhale pambuyo pang'ono pa pakati pa bokosi, kuti goli litsamire pang'ono pa makosi a ng'ombe. Ikakhala patsogolo, pokwera chitunda goli linyamuka ndi zingwe zitsamwitsa ng'ombe.

Koma musakhumbire ekiselo ya lole. Pa ngolo, chofooka chotsatira ndicho ng'ombe. Ng'ombe ikoka tsiku lonse ndi mphamvu yolingana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Ziwiri za makilogalamu 350 iliyonse zikoka ndi mphamvu ya makilogalamu 70. Tsono ngolo ya makilogalamu 300 itasenza matumba 14 a makilogalamu 50 ilemera makilogalamu 1,000. Pa chitunda chokwera phazi limodzi pa mapazi 10, kukwera kokhako kufuna mphamvu ya makilogalamu 100, tisanawerenge miyala ndi mchenga. Ng'ombe zingathe kutero kanthawi, zikukwapulidwa, koma malipiro ake ndi zilonda za pakhosi, ndipo ng'ombe ya chilonda siilima m'mwezi wa Novembala. Ekiselo ya lole ionjeza kulemera musanaike thumba ndi limodzi lomwe. Ya galimoto yaing'ono ikwanira. Pa njira ya chitunda chepetsani matumba, muyende kawiri, ndipo ngolo ikhale ndi buleki ngakhale ya mtengo wokhuza tayala, kuti potsika isagunde miyendo ya ng'ombe.

Achikumbi a Land Rover aja tinawalangiza kuti ekiselo yaikulu idikire. Anagula mahafushafuti awiri, ina naika ina nasunga pansi pa mpando, ndipo anasintha oilo wa mu difu amene anali atayera ngati mkaka chifukwa cha madzi a pa madooko. Anapangana chiwerengero cha matumba nachilemba ndi penti pa chitseko chakumbuyo kuti pasakhale kukangana ndi mwini chimanga. Woyendetsa tinamuuza kuti aloze tayala pamwamba pa mwala waukulu m'malo moupitiriza pakati, ayende pa giya yaing'ono monga munthu ayenda pansi, ndipo gudumu likazungulira m'malere achotse phazi pa mafuta. Loweruka lotsatira a mfumu anaitana anthu ndi makasu ndi zitsulo zokumbira, nadzaza maenje a pa dooko lija ndi miyala ing'onoing'ono. Ntchitoyo inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo ngolo za mudzi wonse zinadzera pomwepo chaka chimenecho.